Nkhumba Zimene Tinalibe

Munthu amene anandiphunzitsa kulankhula pagulu sindimupatsa moni. Timakumana ndithu, pamaliro, pamsika wa Nsaru, nthawi zina m'minibasi yopita m'tauni, koma ine ndimangoyang'ana pawindo. Odziwa mbiri yanga amati ndine wosayamika. Anene, pakamwa ndi pawo.

Kwathu kwenikweni ndi kummwera, mbali za ku Phalombe. Tinabwera kuno ndili wamng'ono, bambo atapeza utenanti pa esiteti ina ya fodya kufupi ndi Kasiya. Chaka china fodya atavuta, bambo anati akukayesa mwayi ku Kasungu, adzatitenga akakhazikika. Mpaka lero akukhazikikabe. Eni esiteti anatichotsa m'nyumba ya matenanti, ndipo amayi, ine ndi mlongo wanga wamng'ono tinapeza kanyumba kaudzu kumapeto kwa mudzi wina woyandikana ndi Nsaru. Amayi ankatilera ndi maganyu: kupalira, kusoka fodya, kukumba mtedza m'minda ya eni mudzi.

Kusukulu anzanga ankaseka kalankhulidwe kanga ka kummwera. Ndikangoyamba kuyankha funso, wina kumbuyo ankabwereza mawu anga mokokomeza, kalasi yonse n'kufa ndi phwete. Ndiye ndinangosiya kulankhula. Ankati pakamwa panga anasokapo ngati fodya. Ndinafika fomu yachiwiri ndili choncho, mtsikana wamtali woyenda mozyolika, wodziwa mayankho koma wosakweza dzanja.

Mnzanga wina wapatchalitchi ndiye anandikokera ku kalabu ya achinyamata imene inkakumana Loweruka masana pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa sukulu yapulayimale. Woitsogolera tinkangomutchula kuti atcheya. Anali mnyamata wamkulu wa m'mudzi momwemo, womaliza fomu yachinayi, wa shati yositidwa nthawi zonse ndi nthabwala zosatha. Tsiku loyamba anandiuza kuti ndiimirire ndinene kumene ndimakhala. Ndinaimirira, maso pansi, chala chakuphazi chikukanda dothi.

"Iwe, phazi limenelo likulima chiyani pamenepo?" anatero atcheya. "Ukufuna kudzala mtedza pano?"

Onse anaseka, koma sikunali kuseka kwa kusukulu kuja. Nanenso ndinaseka.

Pano ndisanamepo, ngakhale mtima ukundiwawa: munthu uja ntchito yake ankaidziwa. Sankatiuza kuti "dzikhulupirireni" n'kuthera pomwepo. Ankatipatsa zochita. Ukaimirira, ponda pansi ndi mapazi onse awiri, usiye kupotokola nsonga ya chitenje. Usanalankhule, koka mpweya kaye. Yamba ndi moni, chifukwa moni umaudziwa kale ndipo sungalakwitse. Usayang'ane okhala kutsogolo, sankha munthu wakumbuyo kwenikweni, ulankhule naye iyeyo. Anthu akaseka, dikira amalize, kenako upitirize pomwe unalekezera, chifukwa kuseka kumatopetsa msanga. Ine anandipatsa ntchito yapadera: pamjigo ndiziyamba ndine kupereka moni kwa amayi, ndipo tsiku lamsika ndizikafunsa mitengo ya zinthu mokweza, ngakhale ndilibe chogulira.

Ndinachita zonsezo. Poyamba mawu ankatuluka ngati a mwanapiye, koma anayamba kukula. Tsiku lina m'kalasi ndinakweza dzanja. Wakumbuyo uja anandiyeseza monga mwa masiku onse, anthu anaseka, ine ndinadikira mpaka atati phee, n'kumaliza yankho langa. Aphunzitsi anandiyang'ana ngati mlendo. Pobwerera kunyumba ndinkangofuna kuthamanga. Atcheya ndinkawaona ngati achimwene anga enieni, ndipo akanandituma kulikonse ndikanapita.

Mwezi wa Febuluwale unafika, mwezi wa njala. Kunyumba kwathu kunali chinsinsi chimene ndinali ndisanauzepo munthu. Maganyu akasowa, amayi ankatenga katsache ndi beseni n'kupita kuchigayo cha pamsika chakumadzulo, anthu atachepa. Ankapempha anyamata apachigayo kuti asese ufa wogwera pansi, n'kunena kuti ndi wa nkhumba. Ife tinalibe nkhumba, ngakhale nkhuku. Kunyumba ankausefa ufawo mobwereza kuchotsa mchenga ndi tizinyalala, n'kutiphikira phala. Mchenga wina unkatsalabe, unkalira m'mano. Mmodzi wa anyamata aja ankakonda kufunsa kuti, "Nkhumba zanuzo zikunenepa, mayi?" Amayi ankayankha kuti, "Zikuyesera, bambo." Kaya anyamatawo ankadziwa, kaya ayi, koma nkhaniyo sinkatuluka pakhomo la chigayo. Bodza laling'ono limenelo ndilo linkawalola amayi kuyenda m'mudzi mutu uli m'mwamba.

Loweruka lina mwezi womwewo atcheya anatikhazika mozungulira, n'kunena kuti tafika pa phunziro lalikulu.

"Chimene mukubisa ndicho chikukutsekani pakhosi," anatero. "Lero aliyense anene chinthu chimene amaopa kuti anthu angachidziwe. Zonena pano zithera pano, pansi pa mtengo uno. Tagwirizana eti?"

Tinavomera tonse. Wina anati anakodza pamphasa mpaka ali wamkulu. Wina anati sadziwa kuwerenga bwino ngakhale ali kusekondale. Itafika nthawi yanga, ndinakoka mpweya monga anandiphunzitsira, n'kufotokoza zonse: katsache, beseni, funso la mnyamata wapachigayo ndi yankho la amayi. Ndinalira. Atcheya anandigwira paphewa n'kunena kuti, "Walimba mtima, mlongo wanga. Lero wamasuka." Ndipo zoona, ndinapita kunyumba thupi litapepuka.

Pasanapite nthawi tinamva kuti kukubwera alendo a bungwe lina la m'tauni, ofuna kusankha kalabu imodzi m'dera lathu yoti aziithandiza. Atcheya anakonza zoti tichite sewero tsiku lamsika, pabwalo la pafupi ndi ogulitsa tomato. Ine anandisankha kuti ndidzatsegule mwambo ndi kuutseka. Ine amene! Osewera ankakonzekera paokha, ndipo nditafuna kukaonerera, atcheya anati ndisadzisokoneze, ndilimbikire mawu anga. Sindinaganize kanthu. Usiku ndi usana ndinkalankhula ndi mitengo ya m'njira.

Ndinawapempha amayi kuti abwere. Anachapa chitenje chawo chabwino chija, n'kudzaima chakumbuyo, mlongo wanga ali pambali pawo. Anthu anali ambiri, ena atakwera panjinga kuti aone bwino. Alendo anakhala pamipando kutsogolo. Ndinaponda pansi ndi mapazi onse awiri, ndinakoka mpweya, ndipo posankha munthu wakumbuyo ndinasankha amayi. Ndinapereka moni, ndinalandira alendo, ndinafotokoza za kalabu yathu, osaphonya liwu. Ndinawaona amayi atagwira pakamwa, akumwetulira.

Kenako sewero linayamba. Panalowa mtsikana wa m'kalabu mwathu atamanga mpango monga amamangira amayi, katsache kudzanja, beseni pamutu, akulankhula Chichewa cha kummwera mokokomeza. Anagwada n'kuyamba kusesa. Mnyamata wodzipaka ufa kumaso anafunsa mokweza kuti, "Nkhumba zanuzo zikunenepa, mayi?"

"Zikuyesera, bambo!"

Msika wonse unagwa ndi kuseka. Ndiye panabwera ana awiri akukwawa, akulira ngati nkhumba, n'kuviika milomo m'beseni muja. Wofotokoza sewero anati phunziro lake ndi lakuti makolo asamabereke ana amene sangathe kuwadyetsa. Anyamata apachigayo anali pomwepo, ufa uli m'tsitsi. Ndinaona mmodzi akutembenuka, akufunafuna m'gulu, kenako n'kuloza ndi mlomo. Mitu inayamba kutembenuka umodziumodzi, kuloza kumene kunaima amayi.

Sewero litatha atcheya anandikodola kuti ndikatseke. Anandinong'oneza kuti, "Ponda bwino, yang'ana wakumbuyo." Anali akumwetulira, nkhope yonse ili ngwee, ngati palibe chachitika.

Ndinaponda bwino. Mawu othokoza amene ndinaloweza anandithawa, ndipo m'malo mwake munabwera ukali umene sindinkadziwa kuti ndili nawo.

"Mayi amene mwamusekayu ndi amayi anga," ndinatero. "Nkhumba zakezo ndi ine ndi mlongo wanga. Tili moyo chifukwa cha ufa umenewo. Nkhaniyi ndinawauza atcheya awa atalonjeza kuti ithera pansi pa mtengo."

Mawu anga anafika mpaka kumagolosale a kutsidya kwa msewu. Kenako mmodzi wa alendo, mayi wa magalasi akuda, anayamba kuwomba m'manja, anzake n'kutsatira. Ankayesa kuti ndi mbali ya sewero. Atcheya sanachedwe. Analumpha n'kudzaima pambali panga, dzanja paphewa langa.

"Mwaona, alendo athu? Mwana uyu sankatha ngakhale kupereka moni. Lero tamumverani! Imeneyi ndiyo ntchito ya kalabu yathu."

Anatijambula pafoni, iwo akumwetulira, ine ndikufunafuna amayi ndi maso. Pamene anaima paja panali mayi wina wogulitsa zitumbuwa. Amayi anali atachoka kale, sewero lisanathe. Mawu amene ndinawalankhulira iwo sanawamve.

Alendo atakwera galimoto yawo ndinawatsata atcheya.

"Kodi simunati zithera pansi pa mtengo?"

"Ndatchula dzina la munthu ngati?" anayankha. "Sewero lopanda zenizeni silikhudza anthu. Ndipo taona mmene walankhulira lero. Uzindithokoza, iwe."

Anatero akupukuta nsapato yake ndi kansalu. Mpaka lero kansalu kameneko ndimakakumbukirabe. Kalabu yathu inasankhidwa. Anzanga analandira matisheti, atcheya anapita kumaphunziro m'tauni. Ine pansi pa mango paja sindinapondeponso.

Nditafika kunyumba tsikulo ndinawapeza amayi atakhala pakhonde, atavula kale chitenje chabwino chija. Ndinagwada pafupi nawo, koma pakamwa panga panasokedwanso. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mawu ako otsegulira aja anafika mpaka kumene ndinaima. Ndinakumva bwinobwino." Sanandikalipire, sanandifunse kuti ndinauza ndani. Anthu anawauza pambuyo pake zimene ndinanena potseka, koma sindidziwa ngati zinawatonthoza, kapena anangoona kuti ndatsimikizira amene ankakayika.

Kuchigayo kuja sanapitenso. Masiku otsala a njala tinadya maungu osakhwima ndi nkhwani. Ana a m'mudzi akamuona mlongo wanga ankalira ngati nkhumba, mpaka anayamba kuthawa sukulu. Amayi ankalawira m'mamawa n'kubwera madzulo ndi kanthu kakang'ono m'chitenje. Ndikafunsa kuti, "Mukupita kuti, amayi?" ankangoti, "Pompano." Kale ankandiuza zonse, tikamasenda mtedza kapena tikamapita kumjigo: za bambo, za kwathu, za amene wawalipira bwino ndi amene wawanyoza. Zimenezo zinatha tsiku lamsika lija.

Lero ndine mphunzitsi. Ndimaima kutsogolo kwa ana odzaza bwalo popanda chokuzira mawu, ndipo wakumbuyo amandimva. Atsikana amanyazi ndimawaphunzitsa zomwe zija: ponda pansi, koka mpweya, yamba ndi moni, akaseka dikira amalize. Zimagwira ntchito, ndipo zimandipweteka kuti ndinazitenga kwa munthu uja. Phunziro lake lalikulu lokha ndilo ndinalitaya. Ndimawauza kuti kulimba mtima sikufuna kuti uvule pagulu, ndipo nkhani ya mayi ako si yako yoti ukapepukire nayo.

Amayi amakhala ndi mlongo wanga tsopano, chakufupi ndi Kabudula. Ndimawayendera, ndimawagulira shuga ndi sopo, amandilandira ndi manja awiri. Koma ndikalowa iwo akucheza ndi mlamu wanga, nkhani imasanduka ya mvula. Chaka chatha anadwala mpaka kugonekedwa m'chipatala, ine ndinamva atatuluka kale, kwa munthu wina m'minibasi. Ndinapita konko tsiku lomwelo, misozi ili m'maso, n'kuwafunsa chifukwa chimene sanandiuzire.

Anandigwira dzanja mwachikondi, akumwetulira ngati tsiku lija ndinkapereka moni pamsika.

"Iwe uli ndi mawu, mwananga," anatero. "Ndinaopa kuti amva anthu onse."