Shuga wa pa Chitenje Changa

"Kodi Make Tadala, shuga mumamanga pa chitenjeyu ngwa chiyani, mwana wanu ali bwinobwino?" Anandifunsa choncho aneba anga, Abiti Saidi, tikudikira madzi pampope. Ndinangoseka, koma nkhani yake inayambira kutali.

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, tikukhala ku Ndirande. Mlongo wanga wamng'ono, Yohane, anali ndi matenda a shuga. M'mawa uliwonse amayi ankawiritsa jakisoni m'kapoto n'kumubaya pantchafu. Akachedwa kudya, shuga ankatsika, iye n'kuyamba kunjenjemera, thukuta kamukamu, mtima gu gu gu. Koma chaka chimenecho zizindikiro zonsezo zinaleka. Adokotala anawauza amayi kuti thupi lili ndi mankhwala ake ochenjeza, omwe aja amagunditsa mtima galu akakuthamangitsa, koma magazi a Yohane anayamba kugontha, sakuwamvanso bwino. "Yekha sazimva uyu. Akangoyamba kukoka lilime, shuga m'kamwa, osadikira." Kusukulu ntchitoyo inali yanga.

Tsiku lina anatitulutsa m'kalasi kukandanda m'mbali mwa msewu, ati mtsogoleri wa dziko adutsa. Atsikana tsidya lino, anyamata tsidya linalo. Dzuwa linafika pamutu, phula likununkha, ife tikubwereza nyimbo zomwezomwezo. Za kudya panalibe. Ndinamuona Yohane akupendama, kambendera kake katagwa pansi, akuseka yekha.

Nditangoponda msewu, mnyamata wa chipani wa malaya ofiira anandigwira pamkono.

"Iwe, msewu watsekedwa uwu."

"Achimwene, mlongo wanga uyo amadwala shuga. Ndingomupatsa aka basi."

"Wa shuga umupatsenso shuga? Ukundiyesa chitsiru eti?"

Anandilanda kapepala kanga ka shuga, n'kukamasula, n'kukhuthulira pafumbi, anzake akuseka. Aphunzitsi athu, amene ankadziwa zonse, anayang'ana kumbali. Tsidya lija wina anamumenya Yohane mbama kuti aime mowongoka, ati akuchita chipongwe.

Magalimoto anadutsa dzuwa litapendeka, magalasi ali otseka. Pamene ankatilola kuwoloka, Yohane anali atagona m'ngalande, thovu kukamwa. Kuchipatala anatsitsimuka, koma amene anadzukayo sanali Yohane wathu wokonda masamu uja. Abambo anatiuza kuti aliyense akafunsa tizinena kuti anangogwa. Masiku amenewo kulankhula zambiri kunkasowetsa anthu, choncho tinameza.

Anthu amati ndine wofatsa, ndipo n'zoona, mwana akhoza kulira tsiku lonse ine osamukalipira. Koma ndinaphunzira kuti thupi likaleka kudzichenjeza, maso a amene ali pafupi ndiwo amatsala, ndipo pamenepo sipopempha chilolezo kwa munthu. Ndinayenera kungomuluma dzanja mnyamata wa chipani uja.

Yohane anataya sukulu, mawu, ndi mphamvu ya dzanja lamanja. Amayi anasiya malo awo kumsika kuti azimusamala, mpaka tinamuika m'manda asanamere ndevu. Chomwe chinkafunika tsiku limenelo chinali supuni imodzi ya shuga, ndipo inali m'manja mwanga.