Loweruka Limene Ndinadzaza Kalasi ya Ababa

Ababa agwira ntchito m'nkhalango ya paini pa phiri la Zomba kuyambira ndisanabadwe. Amatha kuyang'ana mtengo uli chiimire n'kukuuzani matabwa amene atulukemo. Koma ukapitawo umangowadumpha. Anyamata amene anawaphunzitsa okha kugwira sowo ndi amene lero amawauza pokadula, chifukwa iwo ali ndi pepala.

Ndili Fomu 2, koleji ina m'tauni inatsegula makalasi a Loweruka a anthu apantchito. Miyezi isanu ndi inayi, mayeso, kenako setifiketi ya kayang'aniridwe ka antchito. Ababa anagulitsa njinga n'kulipira fizi. Ankayenda wapansi kuchokera kwathu ku Sadzi atavala jekete ya kutchalitchi, kope lili m'jumbo ya shuga. Ine ndinkawaperekeza, ati ndizikawerenga pansi pa mtengo, kuopa kuti ndikatsala kunyumba ndipalamula. Ndinkawerengadi pang'ono. Nthawi yambiri ndinkakhala pawindo.

Anayamba anthu makumi awiri ndi asanu. Fizi yachiwiri inagwera nthawi yogula feteleza, ndiye anatsala asanu ndi anayi.

Mphunzitsi wawo anali bambo wokalamba, wopuma pa uhedimasitala. Loweruka lina analowa ndi kalata.

"Akuluakulu akuti kalasi iliyonse izidzidyetsa yokha," anatero. "Magetsi, choko, ine ndemwe, zonse zizichokera m'fizi yanu, ndipo pazitsalako kena kake ka koleji. Sabata yamawa kubwera bwana wa zachuma kudzaona ndi maso. Mukapezeka osakwana makumi awiri, atseka."

"Nanga ife amene tinalipira kale, aphunzitsi?" anafunsa ababa.

"Akuti mudikire chaka chamawa, anthu akadzachuluka."

Kunali kutatsala miyezi iwiri kuti alembe mayeso. Pobwerera ababa sanapatse moni munthu aliyense, ngakhale amayi a pachigayo amene amacheza nawo nthawi zonse.

Ine ndinaganiza chonchi: bwanayo akufuna mitu, ndipo mitu ku Zomba siisowa. Lachisanu ndinajomba kusukulu n'kukwera msewu wakuphiri, kumene amagulitsa masitiroberi ndi magalagadeya m'timbale. Ndinawauza ogulitsawo kuti koleji ikupereka tiyi wamkaka ndi masikono kwa aliyense amene akhale chete m'kalasi ola limodzi.

"Iwe si mwana uja unatsekera mbuzi m'chipinda cha kwaya?" anandifunsa mayi wina wa magalagadeya.

"Ameneyo ndi mkulu wanga, amayi. Timafanana."

Ndilibe mkulu.

Loweruka anabwera khumi ndi asanu ndi awiri, kuphatikizapo odula mitengo atatu atabwereka malaya. Ndinang'amba makope anga pakati n'kuwagawira. Chimene ndinalephera n'kuwasiyitsa madengu kunyumba. Anati Loweruka ndi tsiku la alendo, akatuluka apita kumsewu. Tinawabisa kuseri kwa mpanda wa maluwa, pafupi ndi poimika magalimoto.

Aphunzitsi atalowa anaima pakhomo, kuvula magalasi, kuwapukuta, kuvalanso. Anayang'ana pawindo pamene ndinali. Kenako anati, "Tsegulani makope." Ababa anatembenuka n'kupeza kuti akhala desiki imodzi ndi munthu amene amanola naye nkhwangwa. Sanandiyang'ane.

Bwana uja anali wachinyamata, wa tayi yofiira. Anakhala kumbuyo n'kuwerenga mitu ndi bolopeni, kawiri. Ophunzira anga anagwira ntchito yawo bwino. Mayi wa magalagadeya ankalemba mizere yozungulira mwakhama kuposa wina aliyense.

Aphunzitsi anafunsa kuti kapitawo amatani akapatsidwa ntchito ya anthu khumi, atatu n'kudwala. Ababa anaimirira. Anayamba m'Chingerezi, chinawathera panjira, n'kupitiriza m'Chinyanja. Ananena za kuyambira kumtunda dzuwa lisanakule, za kusaika anthu awiri okangana pa sowo imodzi, za kusiya mtengo wopendekeka mpaka odwalawo atachira m'malo mopha munthu pothamangira nambala. Anayankhula nthawi yaitali. Sindinawamvepo akuyankhula chonchi, ngakhale kumaliro. Atakhala pansi, odula mitengo aja anayamba kuwomba m'manja, kalasi yonse n'kutsatira. Bwana anamwetulira, kulemba kena kake, n'kutsanzika.

Zikanathera pomwepo. Koma panja galimoto ya bwanayo inalira.

Muyenera kudziwa kuti kumsewu wakuphiri amagulitsa ndi amene wayamba kufika pawindo la galimoto. Injini ikangomveka, miyendo imanyamuka yokha mutu usanaganize. Mnyamata wina wokhala kufupi ndi khomo anazemba. Anzake sakanalola kuti agulitse yekha. Madesiki anagwa. Bwana akubwerera m'mbuyo anangoona timbale pa mawindo onse anayi.

"Okoma awa bwana, othyola lero."

"Musatenge a uyo, ndi adzana. Onani anga."

Mmodzi anali ndi bolopeni yanga kukhutu. Ndinaseka mpaka kukhala pansi m'maluwa. Sindibisa, ndipo ndikakumbukira ndimasekabe.

Bwana anazimitsa galimoto, kulowanso m'kalasi ndi kaundula, n'kuitana mayina. Anayankha asanu ndi anayi. Kenako mayi wa magalagadeya uja anasuzumira pakhomo dengu lili pamutu.

"Pepani bwana, nanga tiyi uja?"

Kalasi inatsekedwa tsiku lomwelo. Aphunzitsi anafunsidwa ngati ankalandira fizi ya anthu enawo m'thumba mwawo. Anati ayi. Atafunsidwa amene anawabweretsa, anati maso awo anakalamba, saona bwino pawindo. Sanaitanidwenso. Pa zonsezi, ichi chokha n'chimene chimandiwawa. Ndinakumana nawo kumsika miyezi itapita akusankha tomato wotsika mtengo, ndipo anandifunsa ngati makope ndinagula ena.

Amayi anafuna kundikwapula. Ababa anawaletsa.

"Unawalonjeza tiyi anthu aja?"

"Eya, ababa."

"Ndiye ukawapatse."

Loweruka lotsatira ndinakwera phiri ndi ketulo ndi jumbo ya masikono, ndikutukwanidwa pa kona iliyonse. Anamwa ndithu.

Chaka chamawa chija chinafika, kalasi sinatsegulidwe. M'chipindamo muli makalasi a kompyuta, ndipo amadzaza mpaka pakhonde. Kuphiri kwabwera kapitawo wina, wamng'ono kwa ababa ndi zaka zambiri. Njinga sinabwerere. Amayi amati ndipepese, ine ndimati akanatseka ngakhale ndikanakhala phee pansi pa mtengo. Nditapatsidwanso mwayi ndikhoza kuchitanso, kungoti madengu ndingawatsekere m'chimbudzi.

Kope la ababa limakhala pamwamba pa kabati. Linathera pakati pa tsamba, pa funso la anthu khumi lija. Loweruka lina masana ndinawapeza atalitsegula pakhonde.

"Iwe," anatero osadzutsa mutu, "kuwomba m'manja kuja, unachita kuwauza?"

"Ayi ababa. Ndinangowauza kuti akhale chete."

Ulendo uno ndinkanena zoona. Anandiyang'ana nthawi yaitali, monga amayang'anira mtengo. Kenako anatseka kopelo n'kulibwezera m'jumbo yake ya shuga.