Zikwapu za Mabulosi

Chaka chimene ndinayamba kuphunzitsa ku Kaseye, mphatso yoyamba imene ndinalandira kwa kholo sinali nkhuku ayi. Unali mtolo wa zikwapu.

Anabwera nawo pa njinga bambo wina wamtali, mlimi wa chimanga, mwana wake wamkazi wa Sitandade 4 akutsatira pambuyo wapansi. Zinali nthambi za mabulosi, zaziwisi, zosadzulidwa bwino masamba.

"Monire, Madamu. Ndamva kuti mwana uyu ngwakuchedwa kusukulu. Izi ndakudulirani ndekha. Osamunyengerera yayi, m'mera mpoyamba."

Ine mwana wa kumwera, amene Chitumbuka ndinkangodziwa "yewo" basi, ndinayamba kuwalalikira. Ndinawauza kuti boma linaletsa kumenya ana kusukulu, kuti dziko lathu linasainirana ndi mayiko ena mapangano oteteza ana, ndipo ndikangokweza dzanja ntchito yandithera. Anamvetsera mwaulemu mpaka ndinamaliza.

"Mayiko enawo akumudziwa mwana uyu? Sukulu yopanda chikwapu ni masewera. Ndizabweraso temu ikamatha. Ndikazapeza izi sizinagwire ntchito, ndimutenga akalime."

Ndinapsa mtima, koma ndinagwiranso njakata. Mtsikanayo anali ndi mutu, makamaka pa masamu, ndipo chinkamuchedwetsa chinali kutunga madzi m'mawa kuphatikiza mtunda. Kumumenya sindikanatha, kumutaya sindinkafuna.

Mawa lake anachedwa monga mwa nthawi zonse. Ndinasolola chikwapu chimodzi pamtolo. Iye anatambasula dzanja atatsinzina, ine n'kumuika chikwapucho m'manja.

"Pita ukachizike kuseri kwa kalasi. Uzichithirira tsiku ndi tsiku."

Lamulo langa linakhala limenelo. Akachedwa, chikwapu china chizikidwe, ndipo zothirira zinkangochuluka. Dzuwa linali la Okutobala, mjigo sunali pafupi. Ataona kuti ndowa zamukwana, anayamba kutungiratu madzi a kunyumba madzulo, m'mawa n'kumafika belu lisanalire. Zikwapu zotsala anazika ndi anzake ochedwa, ndipo ena ndimawakayikira mpaka lero kuti ankachedwa dala.

Tsiku lotsekera, njinga ija inatulukira. Kunena zoona ndinali ndi mantha.

"Madamu, zikwapu zija zili kuti?"

"Tiyeni mukazione, bambo. Zonse zagwira ntchito, ndipo mwana wanu sachedwanso."

Ndinawatsogolera kuseri. Zinali pamzere, chilichonse chitatulutsa timasamba tobiriwira chifukwa mvula yoyamba inali itagwa. Mtsikana uja anaima chapatali, ndowa ili m'manja, maso pansi.

Bambowo anayang'ana mzere wonsewo. Kenako ananjuta, n'kugwira katsamba kamodzi ndi zala zawo zokakala. Mwadzidzidzi anaphulika kuseka mpaka kutsokomola, ana amene ankasuzumira pawindo nawonso n'kuyamba.

"Madamu, mwandigwira! Ine adada anandithyolera zikwapu zinandi pamsana pano, palije na chimoza chinaphuka." Kuseka kuja kunachepa. "Sukulu ndinaithawa ndili Sitandade 3."

Ndinangoti yewo.

Anadzuka, anasasa maondo, n'kufunsa tsiku lotsegulira. Ndinawauza. Anakankha njinga mpaka pamsewu, mwana akutsatira pambuyo monga tsiku loyamba lija. Kenako anaima, anapukuta kaliyala ndi chipewa chawo.

"Kwera, mama. Miyendo imeneyo usungire Januwale."