Jombo ya kumanzere ya Lyazid

Njinga yamoto ya Dda Mbarek tinkaimva isanatulukire. Ikamalowa pachipata cha linga m'mawa, itasenza mitolo ya nana, masamba aja timathira mu tiyi, inkalira ngati mbuzi yokokedwa pachingwe, chifukwa mkuluyo ankayenda pa giya yachiwiri kuchokera kudimba kwawo mpaka kumsika. Anthu omwa tiyi pa kafe ya Hmad anawapatsa dzina loti a Giya Yachiwiri. Ine ndine Bihi, makaniko wa moyang'anana ndi kafeyo, ndipo injini ikamazunzika mano anga amayayamira, choncho sindinkaseka nawo.

Dda Mbarek sanakulire pa njinga. Moyo wawo wonse anayenda pambuyo pa bulu, ndipo mu Taroudant muno mulibe tiyi wa paukwati kapena pamaliro amene sanalawepo nana wa m'dimba mwawo. Iwo ndi mkazi wawo, Lalla Ijja, anabereka ana aakazi awiri amene anakwatiwa kutali, ndi mwamuna mmodzi, Lyazid. Njingayo inali ya Lyazid. Anaigula atagwira ntchito yomanga nyumba ku Agadir, ndipo ankaipukuta kuposa mmene ankasambira mwini wake. Kenako anawoloka nyanja pa bwato, kukathyola tomato ku Spain. Alibe mapepala, ndiye atati abwere kudzaona makolo sangabwererenso. Amaimba foni Lachisanu, ndipo chaka chilichonse amati Idi ikubwerayi adzadyera kuno.

Bulu atafa ndi ukalamba, Dda Mbarek anavundukula njinga ija nayamba kudziphunzitsa okha kuseri kwa dimba, kuopa kusekedwa.

Tsiku lina anaikankha mpaka pakhomo panga.

"Bihi, tachiona chinthuchi. Yoyamba ikulowa, yachiwiri ndimachita kuinyengerera, yachitatu ndiye yakaniratu."

"Mwachedwa, Dda. Tauni yonse inadziwa kalekale, munatsala inu nokha."

"Pakamwa ngati pa bambo ako. Gwira ntchito."

Ndinayambira pomwe timayambira tonse. Waya wa kilachi unali utakhwepa pang'ono, ndinaukunga. Oilo anali wakuda kuposa khofi wa Hmad, ndinathira watsopano. Tcheni ndinachikoka, chitsulo chosinthira magiya ndinachiyang'ana ngati chinapindika, koma chinali chowongoka. Ndinaikwera kuzungulira linga, magiya onse n'kumalowa popanda kudandaula. Ndinawabwezera njinga yawo ndikudzitama mumtima.

M'mawa mwake kulira kuja kunalowanso pachipata, chimodzimodzi. Pa kafe ananditembenukira onse, Hmad n'kukweza kapu ngati akundiyamikira. Ndinawaimitsa Dda Mbarek pakati pa msewu.

"Dda, kwerani ndikuoneni. Njingayi ilibe mlandu, ndikukayika mwini wake."

Anakwera, ine n'kumathamanga pambali maso ali paphazi. Pa njinga zimenezi giya yoyamba umaponda, zinazo umanyamula chitsulo ndi pamwamba pa phazi. Dda Mbarek anavala balgha, nsapato zathu zachikasu zija za chikopa chopyapyala, zopondedwa kuchidendene. Chitsulocho chinali m'mwamba kwambiri. Phazi linkakwera m'malere osakhudza kanthu, ndipo pofika pachitsulo, kakolo wa munthu wamkulu anali atafika kale polekezera. Apo m'pamene ndinakumbukira. Lyazid ankavala jombo za kuntchito, zokhuthala, zachitsulo kutsogolo, ndipo anabwereka sipanala yanga yomwe n'kukweza chitsulocho kuti jombo izilowa pansi pake.

"Ndaipeza nthenda," ndinatero. "Ndimasula bawuti imodzi, nditsitse chitsulochi pang'ono, basi. Tiyi wanu asanazizire mukhala mukuuluka."

Ndinagwada ndi sipanala, koma dzanja lawo linandigwira pamkono. Linkanunkhira nana.

"Anachiika pamenepo ndani?"

"Lyazid."

"Ndiye chisiye."

"Dda, ndi bawuti chabe. Akabwera tidzakwezanso."

"Akabwera aipeze mmene anaisiyira. Ine ndangobwereka, mwanawe. Chobwereka sasintha."

Ndinawauza kuti akupha injini, anati injini ndi yanga kuichiza. Ndinawauza kuti anthu akuwaseka, anati ankawaseka ndi bulu yemwe. Anachoka pa giya yachiwiri. Zinandikwiyitsa, koma ukali utatsika ndinatsala ndi chisoni, chifukwa nanenso ndinamusowa mnyamata uja ndi phokoso lake.

Anapitiriza choncho mpaka nyengo yotentha. Pofuna kuigwira yachitatu ankakankha chitsulo ndi mphamvu, ndipo chinayamba kuwadya pamwamba pa phazi. Kenako m'mawa wina pachipata panangoti zii, tsiku lotsatira chimodzimodzi. Ogulitsa nana kumsika anayamba kuoda kwa anthu ena.

Masana ena ndikudya buledi ndi mafuta a azitona, ndinaona mayi atafunda nsalu yabuluu ataima pakhomo, akuopa kuponda oilo. Anali Lalla Ijja, amene chibadwire sanalowepo m'shopu ya makaniko. Ndinawapukutira mpando, anakana.

"Phazi la mwamuna wanga latupa," anatero. "Ukudziwa ali ndi shuga. Kuchipatala ati chilondacho chikatsegukanso adula. Koma akuti chikangouma akwera."

"Abisireni kiyi."

"Amagona naye. Tamvera, Bihi. Lachisanu akalowa mu mzikiti, iwe upite ndi kachitsulo kako ukatsitse. Sadziwa."

"Adziwa asanafike pakona, Lalla. Ine sadzandilankhulanso, ndipo inu mudzamva zowawa kuposa ine."

"Ndiye adulidwe phazi chifukwa cha bawuti?"

"Njira ina ilipo. Atavala jombo, chitsulocho chili pamalo ake."

"Ndinamuuza agule. Akuti wandevu zoyera savala jombo ngati msilikali."

"Nanga za Lyazid zija zinapita kuti?"

Anayang'ana matayala opachikidwa kukhoma, n'kukonza nsalu yawo pachibwano.

"Zili m'bokosi mwanga," anatero motsitsa mawu. "Bambo ake amayesa anapita nazo. M'bwato salowa ndi jombo. Ndinazipeza kunsi kwa bedi m'mawa umene anachoka. Sindinazipukute, simenti yake ikadali pomwepo. Iye ali ndi njinga, amaikwera pamaso pa anthu onse. Ine ndili ndi zomwezo basi."

Ndinalakalaka ndikanameza funso langa. Anatuluka osatsanzika, ndipo buledi uja sindinamumalize.

Panapita masabata. M'mawa wina ndinamva njinga ikubwera kuchokera kuchipata, yoyamba, yachiwiri, yachitatu, mpaka yachinayi, mwaulemu wake. Sindinadzutse mutu chifukwa ndinayesa mlendo. Ndinadzidzimuka ndi kuseka kwa pa kafe. Anali Dda Mbarek ndi mitolo yawo, kuphazi lamanja balgha yachikasu, kumanzere jombo yaikulu yotuwa ndi simenti.

"A Giya Yachiwiri akwezedwa paudindo," anatero Hmad. "Dda, inzake mwagulitsa?"

"Inzake ndikusungira msana wako, ukadzandithiriranso tiyi wozizira."

Anaima pakhomo panga n'kuzimitsa injini. Nkhope inali itawonda, koma maso ankawala.

"Mkazi wanga wakaniza inayo," anandiuza. "Akuti tigawane. Zaka zonsezi ndikugona pafupi ndi bokosi limenelo osadziwa kanthu."

"Ikukukwanani?"

"Ndaikamo ubweya wankhosa. Mwana uja ali ndi mapazi a kwa amayi ake, ngati mabwato."

Ndinagwada kuti ndione ngati chilonda chatetezeka. Pamwamba pa jomboyo panali kadzenje kosalala, konyezimira, pomwe chitsulo chinkakhula Lyazid akamasintha magiya. Dda Mbarek analowetsa phazi pansi pa chitsulo, ndipo chinagwera m'kadzenjemo ndendende.

"Waona?" anatero. "Ukanatsitsa, sichikanapeza malo ake."

Ndinangonamizira kuyang'ana tcheni. Anasolola kamtolo ka nana n'kukaika pa benchi yanga, analiza injini, n'kupita kumsika.

Idi ya chaka chimenecho Lyazid sanabwere, ndipo ya chaka chino anaimbanso foni. Phazi la Dda Mbarek linapola. Jomboyo saipukuta, ndipo kukagwa mvula amaikulunga m'pepala la pulasitiki kuti simenti isachoke. Lachisanu lililonse pakhomo pa mzikiti, pakati pa mulu wa balgha zachikasu, pamakhala jombo imodzi ya kumanzere. Anthu amasuntha nsapato za anzawo kuti apeze poika zawo, koma imeneyo amailambalala.