Bwalo Lathu Linazima ndi Mvula

Mwana wanga wachisamba, amene amagwira ntchito ku Blantyre, anandibweretsera kiyibodi pa Khirisimasi. Inali ya mabatani ozungulira, olira ngati makina otayipira amene ndinakalamba nawo ku ofesi ya parishi. Anailumikiza ku foni yanga popanda waya. Zala zanga n'zonenepa, pagalasi la foni zimaphonya, koma apa zinayenda zokha. Mkazi wanga atamva phokosolo anatuluka m'nyumba akuseka, ati kodi andilembanso ntchito.

Asanabwerere, mwanayo anandilowetsa m'bwalo lina la pa intaneti.

"Limeneli si la kampani, ababa," anatero. "Aliyense akhoza kutsegula lake pa kompyuta ya kunyumba kwake. Ili akusunga ndi aphunzitsi ena a ku Mozambiki."

Ndikaweruka kumunda wa mpunga ku Likangala, ndinkakhala pansi pa mango, pamene netiweki imagwira, n'kumacheza ndi anthu osawaona. Tsiku lina ndinalembamo nyimbo ya Chilomwe imene malemu mayi anga ankaimba posinja. Ndinkangokumbukira theka. M'mawa mwake mkulu wina wa kutsidya kwa nyanja, ku Mozambiki, anaimaliza. Dzina lake lenileni sanalembe, ndipo pamalo pa nkhope anaikapo chithunzi cha njinga.

Tinazolowerana. Ndinamuuza kuti agogo anga anachokera kumeneko, koma mudzi wake palibe wamoyo amene akuudziwa kuno. Iye anati mawu ena a m'nyimboyo amawamva kwa anthu a kuseri kwa phiri lina, kumene kuli azakhali ake okalamba. Analonjeza kuti mvula ikatha adzapalasa njinga kukafunsa.

Mvulayo inabwera ndi chimphepo. Mtsinje unasefukira, mpunga wathu unakwiririka ndi mchenga. Netiweki itabwerera, bwalo lija silinatseguke. Ndinayesa mawa lake, mkuja wake, osatheka. Ndinaimbira mwana wanga.

"Kompyuta ya aphunzitsi aja yazima, ababa. Mwina madzi analowa m'nyumba."

"Ndiye tikadandaule kuti?"

"Kulibe ofesi. Anali iwo okha basi."

"Nanga zonse tinalemba zija?"

Anangoti pepani.

Pofuna kunditonthoza anandilowetsa m'bwalo lina, la anthu a maiko akutali okonda makiyibodi ngati yanga. Amajambula mabatani awo n'kumayamikirana kaliridwe. Ndinawafunsa m'Chingerezi ngati alipo wodziwa za aphunzitsi aja. Anandimvera chisoni, mmodzi anafufuzadi, koma sanapeze kanthu.

Misewu itauma ndinakwera kabaza kupita ku Kachulu, kukafunsa eni mabwato amene amaoloka nyanja. Bambo wina amene ankasoka ukonde anandimvetsera mpaka kumapeto.

"Dzina lawo ndani, achimwene?"

"Sindikulidziwa."

"Mudzi?"

"Sanandiuze. Wa agogo anga ndi umene anati akandifunsira."

Anaika ukonde pansi n'kundiuza mofatsa kuti kutsidyako midzi ina inasamuka yonse, anthu ali m'misasa. Popanda dzina, ngakhale iye sangadziwe poyambira.

Ndinakhala padokopo kanthawi, ndikuyang'ana mabwato akunyamuka. Kenako ndinagula matemba n'kubwerera kunyumba. Mkazi wanga anandiyang'ana kumaso n'kulandira matembawo.