Mkazi wa Mng'ono

Chandrakali anakwatiwa ku Karwi ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, chaka chomwe mvula inakana kachiwiri. Mwamuna wake, Baijnath, anali munthu wosayankhulayankhula, wa makutu akuluakulu, woseka ataphimba pakamwa. Anakhala limodzi miyezi isanu ndi iwiri yokha. Pa miyezi imeneyo Chandrakali anadziwa kuti mwamunayo sadya anyezi wamuwisi, kuti amaopa agalu, ndiponso kuti mkulu wake Harprasad akangotsokomola kuseri kwa nyumba, iye amadzuka ngakhale chakudya chili kukamwa.

Munda utauma, Harprasad anapeza ntchito ku Surat, pa makina oluka nsalu. Mkazi wake anali atamwalira kale, ndipo maso ake anali atayamba kuchita nkhungu, chinthu chimene ankabisa kwa aliyense kupatula mng'ono wake. Baijnath anabwera nayo nkhaniyi m'mawa wina, Chandrakali akukanda ufa wa chapati.

"Achimwene sangapite okha," anatero, maso ali pansi.

"Nanga ine?"

"Iwe uli ndi amayi."

"Amayiwo ndi anu."

Baijnath anakanda m'mutu, natuluka kukamwetsa njati yawo yoweta ya mkaka. Patatha masiku anayi anapita, osadziwa n'komwe kuti wasiya mkazi ali ndi pakati.

Lachiwiri lililonse masana amayi a m'deralo ankasonkhana pansi pa mtengo wa nimu pakachisi, pomwe wansembe wokalamba, Dinanath, ankawawerengera buku lopatulika. Inali nkhani yomwe aliyense anaiyamwira: mwana wa mfumu amene anapirikitsidwira kunkhalango zaka khumi ndi zinayi, mkazi wake n'kumutsatira, mng'ono wakenso n'kusiya zonse kuti akamutumikire. Sabata imeneyo amayi onse anazungulira apongozi ake a Chandrakali.

"Mwabereka inu! Baijnath ndi mng'ono wa m'buku uja weniweni."

Apongoziwo anatupa ngati chapati pamoto. Chandrakali anakokera kumaso nsalu yake yovala ya sari.

Mwana anabadwa wamkazi, namutcha Neelam. Abale awiriwo ankabwera kamodzi pachaka, pa chikondwerero cha nyali, n'kukhala masiku khumi. Awiri oyamba Baijnath ankangogona, atatu otsiriza ankamanga katundu, apakatiwo ankathera kwa achibale. Makalata ankafika mwa apo ndi apo, ndipo popeza Chandrakali sankadziwa kuwerenga, wapositi ndiye ankamuwerengera ataima pakhomo.

"Akufunsa ngati amayi miyendo yaleka kutupa. Akufunsa ngati njati yabereka. Za inu, mlamu, sanalembe. Kaya pepala linawathera."

"Werengani bwinobwino, mwina zili kuseri."

"Kuseri kuli adiresi."

Chaka chachisanu apongozi anafa ziwalo mbali imodzi. Chandrakali ndiye ankawasambitsa, kuwatembenuza, kuwadyetsa mphodza ndi sipuni, iwo akudandaula kuti madzi azizira. Lachiwiri lina, Dinanath atafika pomwe anthu atatu aja akutuluka mumzinda, amayi akupukuta misozi monga mwa chaka ndi chaka, Chandrakali anangomva pakamwa pake patseguka.

"Agogo, kodi mng'onoyo analibe mkazi?"

Wansembe anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. "Anali naye."

"Ndiye anapita kuti?"

"Anatsala kunyumba."

"Ankatani zaka zonsezo?"

Dinanath anatembenuza masamba, kubwerera m'mbuyo, kupita kutsogolo. Amayi anayamba kugwirana m'nthiti.

"Chandrakali akufuna amulembe m'buku!" anatero wina.

"Mwana wanga," anayankha wansembe, "ndawerenga bukuli zaka makumi anayi, palibe anandifunsapo zimenezi. Mizere yonena za iye ndi yochepa kwambiri. Koma mfumu ija inali ndi akazi atatu. Ndiye ndikuganiza kuti ankasamalira apongozi atatu."

"Atatu!" anafuula Chandrakali. "Ine mmodzi yekhayu msana watha!"

Pansi pa nimu panaphulika phwete, mpaka anyani a padenga la kachisi anathawa. Naye anaseka, koma pobwerera kunyumba anayenda pang'onopang'ono. Kuyambira tsiku limenelo mkazi wa mng'ono uja anasanduka mnzake. Akamapera tirigu kapena kuumba ndowe zosonkhera moto, ankamufunsa mumtima: kodi nawenso unkaiwala nkhope yake? Unkamukwiyira, kenako n'kuchita manyazi kuti wakwiyira munthu wabwino?

Pakuti Baijnath analidi munthu wabwino, ndipo chimenecho ndicho chinkapweteka. Chaka chachisanu ndi chiwiri atabwera kudzacheza, Chandrakali anamupeza yekha kukhola.

"Bambo a Neelam, nditengeni."

"Ukagona pati? Chipinda n'chimodzi, amuna asanu ndi atatu, timagona mosinthana. Nanga amayi awatembenuza ndani?"

"Ndiye bwererani nonse."

"Achimwene akuti sangabwere kudzakhala pakhonde anthu azibwera kudzawamvera chisoni. Maso atheratu tsopano. Amapinda nsalu ndi manja okha, ine ndimawaperekeza m'mawa, kukawatenga madzulo. Ndiwasiye?"

Chandrakali anafunafuna bodza m'mawu amenewa, sanalipeze. Anatenga ndowa n'kuyamba kukama.

Apongozi anamwalira. Neelam anakula, nakwatiwa kutauni ya Banda, bambo ake atabwera masiku anayi okha kudzamupereka. Chaka chotsatira Harprasad naye anatsikira kuli chete, ndipo Baijnath anabwerera ndi sutikesi imodzi, tsitsi lili mbuu. Zinali zitakwana zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi.

Makina a ku Surat anali atamudya makutu. Chandrakali anali atasunga mawu ambirimbiri, ena okoma, ena owawa, oti adzanene motsitsa ali awiriwiri. Tsopano chilichonse chinkafunika kukuwa. Munthu ungakuwe kuti tiyi wapsa, kapena kuti njati yadula chingwe, koma zinazo sizikuwika, pakuti khoma la anansi linali pafupi. Ndiye ankangokhala pakhonde, iye akusankha mphodza, mwamuna akuyang'ana msewu.

Akamapita kumsika, Chandrakali anaona kuti Baijnath amayenda chigongono chakumanzere chili chotambasuka pang'ono, ndipo akafika pa ngalande amaima n'kunena mokweza kuti, "Pali dzenje." Ankauza mkulu wake uja, munthu yemwe kunalibenso. Anthu ankacheuka. Tsiku lina, kutsogolo kwa ogulitsa mabiringanya, Chandrakali analowetsa dzanja lake m'chigongonomo. Baijnath anadzidzimuka, namuyang'ana nthawi yaitali.

"Taonani akwati atsopano!" anakuwa mayi wa mabiringanya. "Pa ukalamba uno, Chandrakali?"

"Gulitsa zofota zakozo, usiye za eni!"

Baijnath sanamve chilichonse, koma anaseka ataona mkazi wake akuloza chala. Anayenda choncho zaka zisanu ndi chimodzi, kufikira chifuwa chomwe anabwera nacho ku Surat chinamutenga m'nyengo yozizira. Chandrakali amati zaka zimenezo zinali zabwino. Amangodandaula kuti mpaka lero sadziwa ngati mwamunayo ankamukumbukira ali kutali, chifukwa tsiku lomwe analimba mtima n'kufunsa, yankho linali lakuti, "Eya, mchere uli bwino."

Chaka chatha, Girja, mkazi wachitsikana wa nyumba yoyandikana, anabwera maso ali psu. Mwamuna wake, womaliza pa ana a mayi Bitola, ankapita ku Surat kukathandiza mkulu wake pa ntchito, ndipo apongozi anali atalamula kuti iye atsale. Chandrakali anamvetsera mpaka kumapeto, anavala nsapato, n'kuwoloka mpanda. Anapeza mayi Bitola atakhala pa bedi la zingwe pabwalo, akudzikupiza.

"Mtsikanayu apite ndi mwamuna wake."

"Wayamba liti kuweruza za m'nyumba mwanga?" anatero mayi Bitola. "M'buku lopatulika mkazi wa mng'ono anatsala. Iwenso unatsala, sunafe."

"M'buku lomwelo mkazi wa wamkulu anakana kutsala. Anatsutsana ndi mwamuna wake mpaka anamutenga. Si yemweyo mumamuikira maluwa m'mawa uliwonse?"

"Ameneyo ndi wina."

"Onse anali ana a eni, Bitola. Wotsalayo ine ndimamudziwa kuposa iwe. Sanalakwe, koma atafunsidwa lero sangamuuze mwanayu kuti atsale."

Mayi Bitola anaika chokupizira pansi. Kenako anayankhula motsitsa. "Nanga ine ndi mawondo angawa, andiphikira ndani?"

"Ine."

"Iwe? Mphodza zako zamadzimadzi zija?"

"Uzidya, sizinaphe munthu."

Anakangana masiku atatu, ndipo tsiku lachinayi Girja anakwera sitima pamodzi ndi mwamuna wake. Amaimba foni Lamlungu lililonse. Akuti chipinda n'chaching'ono, madzi amabwera kamodzi patsiku, ndipo amayambana pafupifupi tsiku lililonse chifukwa mwamunayo amasiya matawulo onyowa pabedi. Chandrakali amamvetsera zimenezi foni ataikanikiza kukhutu, n'kumufunsa kuti abwereze, afotokoze bwino anayamba ndani, anayankha chiyani, anagwirizana bwanji.

Masana amawoloka mpanda ndi mbale yovindikira. Mayi Bitola amatsegula, kununkhiza, n'kupukusa mutu, koma amadya zonse. Akatha amakhala awiriwo pa bedi la zingwe, kudikira kuti dzuwa lichepe mphamvu.