Denga la a Levison ndi Mafomu a Nkhope Zitatu

A Levison Mphepo anakhala tenanti pa esiteti ina ku Chulu zaka khumi ndi zinayi, mpaka msana unakana. Mwayi unawapeza pomwe bungwe lina la ku Lilongwe linasandutsa chigafa chakale kukhala nyumba yoonetsera mbiri ya fodya. Anawalemba ntchito yoyang'anira, ndipo makiyi ankalendewera palamba ngakhale kumaliro.

Zoonetsazo zinali jeke yadzimbiri yodindira mabelo a fodya, makasu atatu, mikangala yoyanikira fodya ndi zithunzi za azungu ovala zipewa. Denga linkadontha ngati sefa.

Tsiku lina kunabwera Olive, mtsikana wa kubungweko, atanyamula mafomu okhala ndi nkhope zitatu: yoseka, yandwii ndi yokwiya.

"Bambo Mphepo, mlendo aliyense azichonga imodzi. Komwe anthu adandaule kwambiri n'komwe tiyambire kukonza."

"Ndamva, madamu," anatero a Levison. Koma mumtima anati ayi. Pa esiteti anaona ndi maso awo: tenanti akadandaula, katundu wake amapezeka pamsewu. Dandaulo likafika kwa bwana, woyamba kukonzedwa ndi wantchito.

Alendo enieni anali osowa. Obwera anali ousa mvula basi. Mmodzi anali mayi Lefina, mkazi wa tenanti wochokera ku Mulanje, amene analowa akuthamanga, mwana kumbuyo. Madzi anamudonthera mwanayo paliwombo.

"Achimwene, bola pansi pa mtengo! Ndipatseni pepalalo, ndichonga yokwiyayo."

"Aaa, mlongo, mwakwiyira ndani? Khasu ili simunalione?"

"Langa kunyumba ndi labwino kuposa ili. Ndiyende ulendo wonsewu kudzaona khasu?"

"Chongani yosekayo. Ndili ndi ana asanu ine."

Mayi Lefina anawayang'ana, nayang'ana denga, n'kuchonga yoseka uku akutsonya.

Zinayenda choncho dzinja lonse. Wokanika ankamupatsa mtedza. Mafomu otsalawo, a Levison ankawachonga okha, ena ndi dzanja lamanzere kuti asafanane.

Olive anabweranso mu Meyi, nkhope ili ngwee.

"Bambo Mphepo, mwatichititsa kaso! Anthu mazana awiri, wodandaula palibe. Malata tinagula aja tapereka ku laibulale ya ku Chamama. Kumeneko anthu anakwiya zedi."

"Malata?"

"Eya, makumi anayi. Inu simukuwasowa."

A Levison anatsegula pakamwa, koma chimene chinatuluka n'chomwe anazolowera zaka khumi ndi zinayi: "Zikomo kwambiri, madamu."

Mu Januwale wotsatira mtanda wowola unathyoka, denga n'kukhala pansi pamodzi ndi azungu a zipewa aja. Bungwe linatseka nyumbayo, n'kulemba m'lipoti kuti zachitika mwadzidzidzi, popanda chizindikiro chilichonse.

Lero a Levison amasoka fodya wa eni mwaganyu, atakhala pampando chifukwa cha msana. Mukawafunsa za ntchito ija amawongola khosi.

"Nthawi yanga ija? Kafunseni ku Lilongwe. Panalibe ndi mmodzi yemwe wodandaula."